Mmero wa Mfumu ndi Holo ya Khomo Limodzi

M'dziko la Zilibwino mfumu sitsokomola. Izi si zoti madokotala anachita kupeza ayi, ndi lamulo, ndipo linakhazikitsidwa kalekale mafumu asanayambe n'kuvala nsapato komwe. Koma poti chifuwa sichinapite kusukulu ya malamulo, makolo a dzikolo anakonza udindo wapadera wotchedwa Mmero wa Mfumu. Mwini udindowu amaima kuseri kwa phewa lamanzere la mfumu tsiku lonse. Phokoso lililonse likatuluka pakhosi pa mfumu, iye amasendera kutsogolo, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ndatsokomola ndine, mbuyanga, mundikhululukire." Mfumu imamuyang'ana monyansidwa, n'kumukhululukira, ntchito za boma n'kupitirira.

M'masiku a Mfumu Sadwala Yachinayi, Mmero anali Malizani, mnyamata wamtali wa maso ofatsa, amene chibadwire anali asanadwalepo ngakhale chimfine. Nduna nazo zitaona kuti mwambowu ndi waulemu, iliyonse inadzipezera mmero wakewake. Posakhalitsa ngakhale mabwana ang'onoang'ono a m'maofesi anayamba kuyenda ndi mphwawo kumbuyo, woti aziwatsokomolera.

Panali lamulo linanso loti Mmero wa Mfumu sakwatira, chifukwa mmero wa mfumu sungamanong'oneze mkazi wamba mawu achikondi. Lamulo limeneli Malizani analisunga bwinobwino mpaka tsiku limene anaona Ndaziona, mtsikana wojambula mapulani a nyumba za boma, ataima pamakwerero akukalipira amisiri kuti khoma lapindika. Kuyambira pamenepo awiriwa ankakumana mobisa masana aliwonse kuseri kwa nyumba ya malamulo, pansi pa mtengo wa mbawa, pa nthawi imene mfumu inali mtulo. Mkonono unali ndi mwini wake wina, ndiye Malizani ankapuma.

Kenako m'miyezi yozizira kunagwa chifuwa. Chinayambira kumene palibe akudziwa, koma bwalo la nduna linagamula kuti chinachokera kunja, n'kuchitcha Chifuwa cha Alendo. A Pepani, Nduna ya Zaumoyo ndi Maliro, anapita okha ku msika waukulu wa Akutiakuti kukalengeza lamulo latsopano: aliyense wotsokomola pagulu akwezedwa lole n'kukasiyidwa ku phiri la Kosabwerera. Za phirilo anthu ankangomva mphekesera. Ena ankati kuli manda okhaokha, ena ankati makhwangwala a kumeneko ananenepa mpaka kulephera kuuluka.

A Nankhoma, mayi wogulitsa mandimu ndi jinja pakhomo la msika, anadikira kuti nduna imalize, kenako anafunsa mwaulemu kuti gulu limayambira pa anthu angati.

"Ine ndi bambo a kunyumba tikakhala pakhonde, ndife gulu, bwana? Ndikufunsa chifukwa iwowo ndakhala ndikufuna kowatumiza."

A Pepani anati funsolo alipititsa ku komiti.

Anthu a ku Zilibwino sachedwa kuzolowera. Anaphunzira kusunga chifuwa m'mimba mpaka chigayo chitalira, kapena kuponda mchira wa galu n'kutsokomolera m'phokoso lake. Koma Ndaziona, atamva lamulolo, anathamangira pansi pa mbawa kukachenjeza Malizani. Iye yekha m'dziko lonse ndiye anaika malamulo awiriwo pamodzi: mfumu ikatsokomola pagulu, wotsokomola ndi Malizani, ndipo wotsokomola pagulu amakwera lole.

Malizani anamuuza asadandaule, poti mfumu inali itasiya kutuluka m'nyumba yachifumu. Ndaziona anafunsa chifukwa chake. Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Mawondo anga awa ukuwaona? Ndikumagwada kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chifuwa chawagwira amfumu, Ndazi. Chawagwira zenizeni."

Chimenecho chinali chinsinsi chachikulu kwambiri m'dziko la Zilibwino, ndipo chikanakhalabe m'makoma a nyumba yachifumu a Pepani akanapanda kubwera ndi nzeru. Iwo anauza mfumu kuti anthu ayamba kunong'ona chifukwa chosaiona, choncho pakufunika chikondwerero chachikulu cholengeza kuti Chifuwa cha Alendo chagonjetsedwa. Dziko lonse lisonkhane malo amodzi, mfumu iyankhule, anthu aombe m'manja, chifuwa chichite manyazi. Ndipo pofuna kuonetsa maiko ena kuti Zilibwino ndi dziko lotsogola, pamangidwe holo yaikulu yoti matenda asathe kufaliramo. Wojambula pulani yake akhale Ndaziona.

Mtsikanayo anaigwira ntchitoyo ngati mmene munthu amalukira chovala cha wokondedwa wake. Tsiku loionetsa ku bwalo la nduna, anatambasula pepala lalikulu patebulo n'kufotokoza modekha. Makomo ambiri mbali zonse, kuti anthu asapanikizane polowa ndi potuluka. Mazenera aakulu oyang'anizana, kuti mphepo ilowere uku n'kutulukira uko itanyamula mpweya woipa. Denga lalitali, mipando yotalikirana, ndi mipope ya madzi oyenda ndi sopo pakhomo lililonse.

Nduna zinaomba m'manja, zinati n'zokongola kwambiri, kenako zinayamba kukonza.

A Pepani anayamba ndi makomo. Anati chithunzi chachikulu cha mfumu chilipo chimodzi, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ya boma amayenera kuchigwadira. Tsono wolowera khomo lina agwadira ndani, khoma? Khomo likhale limodzi, ndipo lichepe ndithu, kuti munthu asadutse mothamanga ngati akulowa m'chimbudzi. Nduna ya Zinsinsi za Boma inatenga mazenera. Inafunsa kuti mphepo yolowayo ndi ya ndani, ichokera kuti, ndipo yafunsidwa mafunso pamalire kapena ayi. Ndaziona atayankha kuti nthawi zambiri imachokera kum'mwera, bwalo lonse linachita phokoso, poti kum'mwera n'kumene kuli dziko la adani. Anagwirizana kuti mazenera akhalepo, koma ojambula ndi penti.

Pa nkhani yosamba m'manja ndiye panalibe n'kukangana komwe. Nduna yokalamba kwambiri inadzuka pa tulo take n'kukumbutsa bwalo kuti ku Zilibwino anthu sasamba m'manja ngati mbuzi pamtsinje. Beseni limakhala limodzi. Amayamba ndi mfumu, kenako nduna malinga ndi kukula kwa mipando yawo, kenako mabwana, mpaka kufika kwa munthu wamba, madzi ake omwewo, kuti dalitso la m'manja mwa mfumu lisatayike pansi.

Chokhacho chimene nduna zinachilandira ndi mtima wonse chinali mipando yotalikirana. Zinaikonda kwambiri moti iliyonse inapempha danga loti ng'ombe n'kugonapo mbali zonse. Zitatha kudzigawira, malo amene anatsalira anthu onse a m'dzikomo anali kachigawo ka kumbuyo, koimirira.

Ndaziona anangoonerera holo yake ikusanduka mphika wovundikira. Anali atasunga mphamvu zake zonse chifukwa cha chinthu chimodzi. Pamwamba penipeni pa mpando wa mfumu anali atajambulapo chumuni chachitali, chotakata m'munsi ngati lipenga lozondoka, ndipo khoma la kumbuyo kwa mpandowo analipinda mwanjira yakeyake. A Pepani analoza ndi chala n'kufunsa ngati akufuna kuti mfumu iziphikidwa.

"Ayi bwana," Ndaziona anayankha atagwada. "Mawu a mfumu si oti azigwera pansi ngati a ife. Ayambe akwera kumwamba, akamve a kumeneko, ife tilandire zotsala."

Mfumu Sadwala, imene inali chete tsiku lonse itafunda bulangete la ulemu, inakondwera kwambiri. Inayamba kuseka, kusekako kunasanduka kubanika, kubanikako kunasanduka chifuwa chozama ngati ng'oma yong'ambika. Malizani anasendera kutsogolo, anagwada, anapepesa. Bwalo la nduna silinkawerengedwa ngati gulu, ndiye anamukhululukira. Koma Ndaziona anali atamva ndi makutu ake, ndipo anadziwa kuti chifuwa chotere sichingadikire kuti nkhani ya mfumu ithe.

Holo inamangidwa mwachangu. Anthu a mumsika wa Akutiakuti ankapita kukaionera patali. Wina anafunsa a Nankhoma ngati akukhulupirira kuti matenda sangalowemo.

"Sangalowe, achimwene. Alowera pati? Khomo lake lomwelo ndi lathu lomwe. Akaima pamzere ngati ife."

Chumuni chitatha, masana ena mfumu ili mtulo, Ndaziona anabweretsa Malizani kuti ayese. Anamuimika pamalo a mpando wachifumu, iye n'kukaima pakati pa holo, amisiri ali pikitipikiti mbali zonse. Anamukodola kuti ayankhule. Malizani anakoka mpweya, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse mawu amene kwa miyezi yambiri ankangowanong'ona pansi pa mbawa. Palibe mmisiri ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka. Mawu onse anakwera m'chumuni, anakadzidzimutsa nkhunda padenga. Ndaziona anawawerenga pamilomo pokha, anaphimba nkhope ndi pepala la pulani, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire chifuwa anapuma bwino. Mfumu ikanatha kutsokomola mpaka nthiti kuthyoka, wakumva sakanapezeka. Ndipo chifuwa chimene sichinamveke sichifuna wogwada.

Chimene iye sanadziwe n'chakuti kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero chichitike, a Pepani anabweretsa gulu lawo la oomba m'manja kudzayeserera. Anaima pampando wachifumu n'kuwerenga nkhani ya mfumu. Oombawo sanamve kanthu, ndiye ankangoomba poganizira, mpaka anaomba mwamphamvu pamene nduna inatchula anthu amene anamwalira. A Pepani anatuluka thukuta. Sanauze aliyense, anangotumiza galimoto kutauni.

Tsiku la chikondwerero dziko lonse linaima pamzere dzuwa likuswa mtengo. Aliyense ankafika pakhomo, kugwadira chithunzi, kuviika manja m'beseni, n'kulowa chammbali. Pofika kwa a Nankhoma madzi aja anali atasanduka ngati thobwa. Anawayang'ana, anayang'ana msilikali, n'kufunsa ngati dalitsoli ndi losamba kapena lodzola. Ndaziona, poti mwambo sunkadziwa kuti wojambula pulani ndi wamkulu bwanji, anamuika kumbuyo komweko, pafupi ndi khomo, atapanikizidwa pakati pa a Nankhoma ndi khoma lokhala ndi zenera lapenti.

M'holomo munali fungo la anthu ndi kutentha kwa uvuni. Ndaziona anaimirira pa zala kuti aone kutsogolo. Anaona nduna zitabalalika pamipando yawo ngati zilumba, iliyonse mmero wake kumbuyo. Anaona mfumu itavala mkanjo wagolide, ndi Malizani kuseri kwa phewa lake. Kenako anaona chinthu china chimene sichinali pa pulani: kachitsulo kakuda kataimikidwa patsogolo penipeni pa kamwa la mfumu, nthambo zake zikuyenda m'makoma kukafika ku zimkuzamawu zikuluzikulu m'ngodya zonse za holo.

Anayesa kudutsa kuti apite kutsogolo. Sakanatha ngakhale kukweza chigongono.

Mfumu inaimirira, ndipo mawu ake anagunda m'holomo ngati bingu. Inati m'mbiri yonse ya dziko lapansi palibe mfumu imene inamenya matenda ngati iyo. Inati Chifuwa cha Alendo chinabwera ndi matama, koma chathawa usanatuluke n'komwe mkwiyo wake wonse, chawoloka malire chilibe ndi nsapato zomwe. Anthu anaomba m'manja pamalo oyenera, a Pepani anamwetulira. Mfumu inapitiriza kuti kuyambira lero, mawu oti chifuwa achotsedwe m'mabuku a sukulu, chifukwa ana asamaphunzire zinthu zimene kulibe.

Pamenepo inaima. Inameza malovu. Chimkuzamawu chinamveketsa kumezako, ndipo holo yonse inamva kukwera ndi kutsika kwa pakhosi pa mfumu. Ndaziona anagwira dzanja la a Nankhoma osadziwa n'komwe kuti ndi la ndani. Mfumu inatenga tambula ya madzi, inamwa pang'ono, inaibweza. Inatsegula pakamwa kuti ipitirize.

Chifuwa chimene chinatuluka chinagwetsa fumbi kudenga. Chinamveka m'holo, chinamveka panja, akuti ngakhale ku msika wa Akutiakuti agalu anadzuka. Chitatha, m'holomo munali zii, moti munthu akanamva ntchentche ikutera pabeseni.

Malizani akanatha kungoima chilili. Koma kutero kukanatanthauza kuti yatsokomola ndi mfumu, ndipo wonena zimenezo, ngakhale ndi kukhala chete, chilango chake sichinali lole. Anayang'ana kumbuyo kwa holo ngati akufunafuna nkhope ina m'nyanja ya mitu. Kenako anasendera kutsogolo, anagwada, ndipo chimkuzamawu chinanyamula kupepesa kwake mpaka m'ngodya zonse.

A Pepani anaimirira, nkhope ili gwa, n'kulamula asilikali kuti amugwire, poti lamulo siliona nkhope. Koma chifuwa chili ngati kuyasamula, chikayamba chimaitana anzake. Asanamalize kuyankhula, iwo eni anabanika. Mmero wawo anagwada. Nduna ya Zinsinsi za Boma inatsatira, kenako yokalamba ija, kenako bwalo lonse, chilumba ndi chilumba, ndipo kumbuyo kwa mpando uliwonse mnyamata wathanzi ankagwada n'kupepesa. Asilikali anawatola onse.

Kuwatulutsa kunatenga nthawi, poti khomo linali limodzi ndipo aliyense ankayenera kutembenuka n'kugwadiranso chithunzi. Malizani anali kumapeto kwa mzere. Atafika pafupi ndi khomo, maso ake anakumana ndi a Ndaziona. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, kumuletsa chinthu chimene anali atachiona kale pankhope pake.

Ndaziona anatsokomola.

Chinali chifuwa chomvetsa chisoni, chopyapyala ngati cha mwana wa mphaka. Msilikali wa pakhomo anamuyang'ana mokayikira.

"Chemwali, chimenecho ndi chifuwa, kapena mwatsamwa malovu? Musatiwonjezere ntchito, lole yadzaza."

Ndaziona anayesanso, chinatuluka choipirapo. Msilikali anayamba kutembenuka. Ndi pamene a Nankhoma, amene dzanja lawo linali likadafinyidwa, anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana mnyamata wamtali uja, n'kumvetsa zonse nthawi imodzi.

"Abwana asilikali, ine ndagulitsa mandimu nyengo yonseyi, zifuwa ndimazidziwa. Zaphokoso zija n'zachabe. Choopsa ndi ichi chonong'ona. Mutengeni msanga asanatimalize."

Anamutenga.

Lole itanyamuka, m'holo muja munatsala zinthu zimene mbiri ya Zilibwino inali isanaonepo: mfumu ndi nduna zake zonse, pamaso pa dziko lonse, popanda ndi mmodzi yemwe wowatsokomolera. Chifuwa chotsatira chikanakhala cha mwini wake. Mfumu inakhala pansi itatseka pakamwa ndi manja awiri. A Pepani maso anatuluka, misozi ikuyenderera. Nduna ya Zinsinsi za Boma inali kuyang'ana zenera lapenti ngati munthu wolakalaka kwawo. Ndipo poti mwambo umati palibe wotuluka mfumu isanamalize kuyankhula, anthu anangoima, akudikira mwachidwi kuti aone woyamba kuphulika.

Msewu wa ku Kosabwerera ndi wokhotakhota, ndipo m'lole aliyense ankangoganiza za makhwangwala onenepa aja. Koma atafika pamwamba, asilikali atawatsitsa n'kuthawa atatseka mphuno, chimene anamva choyamba chinali kuseka. Pansi pa mitengo panali anthu akusewera bawo, ena akukazinga chimanga, ena akuanika zovala pamiyala. Onse anali onenepa, a masaya owala. Mkulu wina anabwera kudzawalonjera, n'kufunsa kuti iwo ankatsokomolera ndani. Anati pafupifupi onse a paphiripo anali mimero ya mabwana a m'maofesi, ogwidwa chifukwa cha zifuwa za eni ake. Odwala enieni ochepa amene anabwera nawo anali atachira kalekale, poti paphiripo aliyense amagona m'kachisakasa kake, amasamba pakasupe woyenda, ndipo mphepo imawomba mbali zonse osapempha chilolezo.

Malizani anafunsa mkuluyo monong'ona ngati lamulo loti Mmero sakwatira limafika mpaka kuno. Mkuluyo anaseka, nati udindo umatsalira m'lole momwemo n'kubwerera ndi asilikali, ndipo ngati pali ukwati anene msanga, mbuzi zilipo.

Awiriwa anapita kukaima pamwala wa kumapeto kwa phiri. Kumunsi, kutali, holo inkaoneka ngati bokosi lotsekedwa bwino, khomo lake lili ngati kadontho, ndipo panalibe amene anali atatulukamo.

"Ndiwe wamisala, Ndazi," Malizani anatero. "Ntchito yako, dzina lako, zonse wasiya chifukwa cha ine."

"Usadzitame. Holo ija ndinajambula ndine. Ndikudziwa chimene akupuma otsala mmenemo."

Anayankha choncho maso ali kumunsi, koma dzanja lake linali litagwira kale la Malizani, masana dzuwa likuwala, anthu onse a paphiri akuona.